Kuona Mkati mwa Kadontho ka Magazi

M'tawuni yakale ya Lilongwe, pafupi ndi msika waukulu ndi depoti ya mabasi, pali chipatala cha Bwaila chimene akuluakulu ambiri amachitchulabe kuti Bottom. M'miyezi ya dzinja, udzudzu ukachuluka, pa mabenchi a chipatalachi pamadzaza amayi obereka ana otentha thupi. Kuyambira chaka cha 2011 ana ambiri otere m'Malaŵi amayezedwa malungo ndi kachipangizo kapulasitiki kamene kamapereka yankho m'mphindi zochepa. Komabe dokotala akafuna kudziwa kuchuluka kwa tizirombo m'magazi a mwana wodwala kwambiri, kapena mtundu wa tiziromboto, ntchito imabwerera kwa munthu wa mu labotale ndi makina ake oonera tinthu tosaoneka ndi maso, otchedwa maikulosikopu.

Munthuyu amapaka kadontho ka magazi pa kagalasi, nakaumitsa, nakathira utoto wa Giemsa umene unayamba kugwira ntchito kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Kenaka amadonthezapo mafuta pang'ono ndi kuika diso pa makina amene amakulitsa chinthu ka 1,000. Aliyense amene anaimapo pambali pa munthu wotere adzakumbukira kuti dzanja lake silichoka pa kagudumu ka m'mbali mwa makinawo. Amakapotoza pang'ono kutsogolo, pang'ono kumbuyo, osaleka. Chifukwa chake n'chakuti makinawo amaonetsa bwino kagawo kamodzi kopyapyala pa nthawi imodzi, pamene za pamwamba ndi za pansi pake zimaoneka mwachimbuuzi. Popotoza kagudumu kaja iye amatsika ndi kukwera mkati mwa magaziwo, ndipo m'mutu mwake amalumikiza zonse zimene waona kuti adziwe maumbidwe enieni a chinthucho. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhani ino ikulongosola m'mene kompyuta inaphunzitsidwira kugwira ntchito ya m'mutu imeneyi, kotero kuti chimene kale chinkakhala m'maganizo a munthu mmodzi tsopano chimaoneka poyera, chimatembenuzidwa mbali zonse, ndiponso chimayezedwa.

Mphete imene siili mphete

Kachirombo ka malungo kanaonedwa koyamba m'magazi a munthu m'chaka cha 1880 ndi dokotala wa asilikali a ku France, Alphonse Laveran, mu mzinda wa Constantine ku Algeria. Kuyambira nthawi imeneyo ophunzira za udokotala akhala akuphunzitsidwa kufunafuna kanthu kooneka ngati mphete yokhala ndi kadontho kofiira, kali mkati mwa selo lofiira la magazi. Ophunzira a ku Malawi College of Health Sciences mu Lilongwe muno amaphunziranso zomwezo, ndipo n'zoona ndithu kuti pa kagalasi kachiromboka kamaoneka motero.

Koma chithunzi cha pa kagalasi n'chafulati, pamene chamoyo chilichonse chili ndi utali, mulifupi ndi kuchindikala. Selo lofiira lenilenilo ndi chitsanzo chabwino. M'mimba mwake ndi maikulomita 7 kapena 8, ndipo maikulomita imodzi ndi gawo limodzi la magawo 1,000 a milimita. Pa kagalasi limaoneka ngati bwalo lotumbuluka pakati, koma maumbidwe ake enieni ali ngati chitumbuwa chimene munthu wachitsina pakati ndi zala ziwiri. Chimodzimodzinso kachirombo kaja. Akatswiri atakaona mbali zonse anapeza kuti kamaumbika ngati kambale kokhuthala m'mphepete koma kopyapyala zedi pakati. Kuwala kumadutsa pakati pajapo mosavuta, utoto nugwira kwambiri m'mphepete, ndipo diso limaona mphete.

Wogulitsa mazira owiritsa pa depoti angathe kuphunzitsa phunziro lomweli. Munthu amene sanaonepo dzira, atapatsidwa kachidutswa kodulidwa kunsonga kwenikweni, adzanena kuti dzira ndi loyera lokhalokha. Atapatsidwa kachidutswa ka pakati, adzanena kuti dzira ndi bwalo lachikasu lozingidwa ndi mzere woyera. Onse awiri anena zimene aona, koma palibe amene walidziwa dzira. Kuti alidziwe ayenera kulandira zidutswa zonse, kuzisanja monga momwe zinadulidwira, ndi kudziwa kuchindikala kwa chilichonse.

Kuchokera ku phula kufika ku kuwala

Njira yosanja zidutswa imeneyi ndi yakale kuposa kompyuta. M'chaka cha 1883 mphunzitsi wa za thupi la munthu ku Breslau, Gustav Born, anafalitsa njira imene inagwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri. Iye ankadula kanthu kakang'ono m'zidutswa zopyapyala, najambula chidutswa chilichonse mochikulitsa pa phale la phula, nadula phulalo motsata mizere, kenaka nasanja mapalewo limodzi pamwamba pa linzake. Pomaliza pake pankatuluka chosema chachikulu chimene ophunzira ankatha kuchigwira ndi kuchizungulira.

Ntchitoyi inali yotopetsa kwabasi. Ku Cambridge, m'dziko la England, John White ndi Sydney Brenner pamodzi ndi anzawo anatha zaka zoposa khumi akulondola mitsempha ya kanyongolotsi kotalika milimita imodzi yokha, chithunzi ndi chithunzi, kwakukulukulu ndi manja. Zotsatira zake zinasindikizidwa m'chaka cha 1986, ndipo zinaonetsa m'mene maselo 302 a mitsempha ya kanyongolotsiko amalumikizirana.

Panalinso vuto lina loti mpeni umapha chimene ukudula. Amene anaganiza zodula ndi kuwala m'malo mwa mpeni anali Marvin Minsky, mnyamata wa pa yunivesite ya Harvard ku America, amene analembetsa nzeru yakeyi m'chaka cha 1957. Makina ake ankaunika kadontho kamodzi kokha pa nthawi imodzi, ndipo kutsogolo kwa chida cholandira kuwala anaikako kabowo kakang'ono ngati koboola ndi singano. Kabowoka kamalola kuwala kochokera pa kagawo kamene kakuyang'anidwa, koma kamatsekereza chimbuuzi chonse chochokera pamwamba ndi pansi. Akatsiriza kagawo kamodzi, makinawo amatsika pang'ono n'kujambula kagawo kotsatira, chinthucho chili chamtunthu. Makina otere amatchedwa confocal. Nzeruyi inakhala zaka pafupifupi 30 isanafale, popeza nyali zamphamvu za laser ndi makompyuta osungira zithunzi zinali zisanapezeke mokwanira. M'chaka cha 1987 John White yemwe uja, pamodzi ndi Brad Amos, anaonetsa ku Cambridge makina a mtunduwu amene anayamba kugulitsidwa m'maiko ambiri.

Mulu wa tinjerwa

Chimene makina otere amatulutsa ndi mulu wa zithunzi, chilichonse chikuimira kagawo kamodzi. Chithunzi cha pa kompyuta chimapangidwa ndi timadontho tosanjidwa m'mizere, ndipo kadontho kalikonse ndi nambala yonena kuwala kwa pamalopo, kawirikawiri kuyambira 0, amene ndi mdima, kufika 255, kumene ndi kuwala kwambiri. Zithunzi zikasanjidwa pamodzi, kadontho kalikonse kamakhala ndi kuchindikala, motero kamasanduka kanjerwa. Pa Chingerezi kanjerwa kotere amakatcha voxel.

Apa wophunzira wa masamu angathe kudziwerengera yekha. Ngati chithunzi chimodzi chili ndi timadontho 1,024 m'litali ndi 1,024 m'lifupi, ndiye kuti chili ndi timadontho 1,048,576. Zithunzi 100 zotere zimapereka tinjerwa 104,857,600. Palibe munthu angayang'ane manambala ochuluka chotere n'kuonamo kachirombo. Ndiponso mulu wa njerwa umaonetsa za kunja zokha, pamene chofunika chili mkati. Luso losandutsa mulu umenewu kukhala chithunzi chimene diso lingamve ndilo limatchedwa volume rendering.

Pali njira zitatu zodziwika. Yoyamba ndi yapafupi. Kompyuta imayerekeza kuti ikulasa mzere wowongoka kudutsa m'mulumo kuchokera pa kadontho kalikonse ka pa sikirini, ndipo imatenga kanjerwa kowala koposa tonse ta pa mzerewo. Njirayi ndi yachangu, ndipo imathandiza poonetsa mitsempha, koma siuza munthu chimene chili kutsogolo ndi chimene chili kumbuyo.

Njira yachiwiri inafalitsidwa m'chaka cha 1987 ndi William Lorensen ndi Harvey Cline a ku kampani ya General Electric. Munthu amasankha nambala yoti ikhale malire, mwachitsanzo 100. Kompyuta imafufuza paliponse pamene kanjerwa koposa 100 kayandikana ndi kochepera 100, niyalapo khungu lopangidwa ndi timakona atatu tambirimbiri. Chotuluka chake chili ngati mbiya: chili ndi khoma losalala lokongola, koma mkati mwake mulibe kanthu.

Njira yachitatu ndiyo imasunga za mkati. Inafalitsidwa m'chaka cha 1988 ndi Marc Levoy, amene panthawiyo anali wophunzira pa yunivesite ya North Carolina ku Chapel Hill, ndipo chaka chomwecho akatswiri atatu a ku kampani ya Pixar, Robert Drebin, Loren Carpenter ndi Pat Hanrahan, anafalitsa njira yofanana nayo. M'njirayi kanjerwa kalikonse kamapatsidwa zinthu ziwiri, mtundu wake ndi muyezo wa m'mene kamatsekerezera kuwala. Tina timakhala ngati galasi loyera, tina ngati utsi, tina ngati mwala. Mzere uja ukamadutsa m'mulumo umatola mtundu pang'onopang'ono pa kanjerwa kalikonse, mpaka utakumana ndi chotchinga chimene sungachipyole. Zili ngati munthu woima pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe. Madzi akadikha m'chilimwe iye amaona udzu wa pamwamba, miyala ya pansi ndi zimene zikuyandama pakati, zonse nthawi imodzi. Madzi akadetsedwa ndi matope a dzinja amaona pamwamba pokha. Woyendetsa kompyuta ndiye amasankha chimene chikhale madzi oyera ndi chimene chikhale mwala. Akasintha malo oyang'anira, kompyuta imalasanso mizere yatsopano, ndipo chinthucho chimaoneka chikutembenuka.

Phindu lake kwa mwana wodwala

Wina angafunse kuti zonsezi zimthandiza chiyani mayi wa pa benchi ku Bwaila. Yankho lili m'moyo wa kachirombo ka malungo. Kachiromboka kamalowa m'selo lofiira, kamakula ndi kugawikana kwa maola 48, kenaka selolo limaphulika n'kutulutsa ana pakati pa 16 ndi 32, amene aliyense amafuna selo lake latsopano. Kulowa kumeneku kumachitika m'kanthawi kochepa kwambiri, ndipo pa kagalasi kouma sikuoneka. M'chaka cha 2021 akatswiri a ku Walter and Eliza Hall Institute mu mzinda wa Melbourne ku Australia anajambula kachiromboka kali kamoyo, mbali zonse zitatu, mphindi ndi mphindi, kakupinda khungu la selo ndi kudzikulunga nalo. Anagwiritsa ntchito makina ounika ndi kuwala kopyapyala ngati pepala, amene Eric Betzig ndi anzake anawaonetsa m'chaka cha 2014. Chaka cha 2020 akatswiri ena a ku Boston anali ataonetsa m'mene kachirombo kamodzi kamagawikira kukhala tambiri, posenga selo kagawo ndi kagawo ndi kulijambula ndi maikulosikopu yamphamvu yoyendera ma electron.

Kudziwa m'mene mbala imatsegulira chitseko ndiko kumathandiza mmisiri kukonza loko. Katemera wa RTS,S, amene Malaŵi linali dziko loyamba kuyamba kumpereka kwa ana pa 23 April 2019, ndipo amene anayesedwako ku Area 18 mu Lilongwe muno, amalimbana ndi kachirombo kasanakhazikike m'chiwindi. Akatswiri akukonzanso akatemera ena oletsa kachirombo kulowa m'selo lofiira, ndipo ntchito imeneyi imadalira kudziwa bwino lomwe m'mene kulowako kumachitikira.

Dziko la Malaŵi lili ndi mbiri yakeyake pa nkhani yoona za mkati. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayamba kufufuza malungo a mu ubongo pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Maselo ofiira okhala ndi kachirombo amamera tiziphuphu pa khungu lawo, ndipo amamatirira m'mitsempha ing'onoing'ono ya mu ubongo. Izi zinkaoneka pa maikulosikopu, koma funso loti chimapha mwana kwenikweni n'chiyani linali lisanayankhidwe. M'chaka cha 2008 chipatalachi chinalandira makina a MRI. Makinawa si maikulosikopu, koma nawonso amajambula magawomagawo osanjikizana popanda mpeni. M'chaka cha 2015 Karl Seydel ndi anzake anafalitsa zimene anapeza mwa ana 168. Mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Ubongo wotupawo umapanikiza gawo limene limayendetsa mpweya, mwana n'kuleka kupuma. Kutupa ndi nkhani ya kukula kwa chinthu mbali zonse zitatu, n'chifukwa chake kunadziwika bwino pamene madokotala anatha kuona mutu wonse wa mwana wamoyo.

Mu Lilongwe momwemuno zithunzi za pa maikulosikopu zinayamba kale kulowa m'kompyuta. M'chaka cha 2011 pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central panatsegulidwa labotale yoyeza tizidutswa ta mnofu pofufuza khansa, mogwirizana pakati pa unduna wa zaumoyo ndi yunivesite ya North Carolina, ija imene Marc Levoy anaphunzirako. Pulofesa George Liomba anali mmodzi mwa akatswiri a m'dziko muno amene anagwira ntchitoyi pachiyambi. Labotaleyi inakhala ndi makina ojambula kagalasi konse, kotero kuti madokotala a ku Lilongwe ndi a ku Chapel Hill ankatha kuyang'ana kachidutswa kamodzi nthawi imodzi n'kumakambirana. Zithunzi zimenezi n'zafulati, koma ndilo khwerero loyamba, pakuti chimene chasanduka manambala chingathe kusanjidwa.

Chikomekome cha nkuyu

Zithunzi zotuluka m'njira zimenezi zimakongola kwambiri, ndipo apa mpamene wophunzira ayenera kuchenjera. Mitundu yobiriwira, yofiira ndi yamtambo imene imaoneka m'mabuku sikhala mitundu yeniyeni ya selo. Makina amangolemba kuchuluka kwa kuwala kochokera ku utoto umene unathiridwa, ndipo mtundu umasankhidwa ndi munthu. Malire aja a nambala nawonso amasankhidwa ndi munthu. Akawatsitsa, chinthu chimanenepa ndipo zinthu ziwiri zoyandikana zimaoneka ngati zalumikizana. Akawakweza, chinthu chimaonda ndipo timitsempha tating'ono timasowa. Kuwonjezera apo, maikulosikopu ya confocal imaona bwino m'litali ndi m'lifupi kuposa m'kuya, kawiri kapena katatu, motero kanthu kobulungira ngati mpira kangathe kuoneka kotalika ngati dzira.

Pa chifukwa chimenechi katswiri woona mtima amasunga zithunzi zoyambirira zosakhudzidwa, amalemba manambala amene wasankha, ndipo amayeza pa tinjerwa tenitenito, osadalira chithunzi chokongoletsedwa. Mphunzitsi angachite bwino kuzoloweza ana ake mafunso atatu pa chithunzi chilichonse cha sayansi. Kodi kachizindikiro ka muyezo kali pati? Kodi utoto unagwira gawo liti la selo? Kodi ndi chiyani chimene chabisidwa kuti ichi chioneke?

Khomo lotseguka kwa otsiriza sukulu

Maikulosikopu ya confocal ndi yokwera mtengo zedi, ndipo imafuna magetsi osadukaduka. Koma ntchito ili pawiri, kujambula ndi kumasulira zojambulidwazo, ndipo gawo lachiwirili limafuna kompyuta wamba ndi mutu wodekha. Pulogalamu yotchedwa ImageJ, imene Wayne Rasband anaitulutsa m'chaka cha 1997 ku National Institutes of Health ku America, imapezeka mwaulere pa intaneti, pamodzi ndi mphukira yake yotchedwa Fiji. M'mapulogalamuwa muli milu ya zithunzi zoyeserera, monga ubongo wa ntchentche ndi selo limene likugawikana, ndiponso chida chozitembenuzira mbali zonse. Wophunzira wa ku Kawale kapena ku Area 25 amene wapeza mwayi wa kompyuta angathe kuyamba pomwepo.

Kuti ntchito yomasulira imafuna manja ambiri zinaoneka m'chaka cha 2024, pamene anatsiriza mapu a ubongo wa kantchentche kamene kamazungulira pa mango akupsa mu msika. Ubongowo unadulidwa m'zidutswa zoposa 7,000 ndi kujambulidwa m'zithunzi pafupifupi 21 miliyoni, ndipo munapezeka maselo a mitsempha pafupifupi 140,000. Kompyuta inalondola mitsemphayo koma inkalakwitsa m'malo ambiri, ndipo anthu a m'maiko osiyanasiyana, ena mwa iwo ongodzipereka, ndiwo anakonza zolakwikazo atakhala pa makompyuta awo. Ndiponso makina ojambulira akusendera pafupi. M'chaka cha 2022 pa yunivesite ya Cape Town ku South Africa panakhazikitsidwa Africa Microscopy Initiative, kumene akatswiri a m'maiko a mu Africa amapempha mwayi wokagwiritsa ntchito maikulosikopu zamakono ndi kuphunzira kumasulira zithunzi zake.

Ngakhale pa sukulu yopanda kompyuta phunziroli n'lotheka. Mphunzitsi agule dzira lowiritsa, alidule m'zidutswa zofanana kuchindikala, ndipo ana ajambule chidutswa chilichonse pa pepala la timabokosi. Awerenge timabokosi ta chikasu pa chidutswa chilichonse, achulukitse ndi kuchindikala kwake, kenaka aphatikize zonse. Akatero apeza kukula kwa chikasu cha dzira mwa njira yomweyo imene kompyuta imapezera kukula kwa kachirombo. Akadula makatoni motsata zojambulazo n'kuwasanja, abwereza ntchito ya Gustav Born. Akafananiza mayankho awo n'kupeza kuti akusiyana chifukwa wina anawerenga timabokosi ta m'mphepete pamene wina anatisiya, aphunzira okha vuto la malire.

Masamu a utali, mulifupi ndi msinkhu, amene ophunzira ambiri amawasiya m'chipinda cha mayeso a MSCE, ndiwo maziko a ntchito yonseyi. Tizirombo timene tikujambulidwa ku Melbourne ndi ku Boston ndi a mtundu womwewo umene munthu wa mu labotale ku Bwaila amakumana nawo m'mawa uliwonse wa dzinja. Odwala ali kuno, magazi oyenera kuyezedwa ali kuno, ndipo mafunso ofunika kuyankhidwa amabadwira m'zipatala za kuno. Chotsala ndi achinyamata okwanira odziwa kusanja tinjerwa tija ndi kunena moona zimene zili mkati mwake.